Chithunzi cha "diso la kumwamba" chija ndi chenicheni?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Mlamu wanga wa ku Area 25 wanditumizira chithunzi ichi, akuti a NASA ajambula diso la Mulungu kumwamba, ndipo aliyense amene walandira atumize kwa ena asanagone. Ine ndati ndisanatumize ndifunse kaye kuno, poti kuno n'kumene kuli anthu okonda kuyang'ana kumwamba usiku. Ndi chenicheni kapena ndi zopanga pakompyuta?

Malume Jere: Mayi musawononge bandulo yanu. Chithunzi chimenecho ndinachiona Facebook itangofika kumene, mpaka lero chikungozungulira.

Kondwani: Mitundu imeneyo ndi ya Photoshop basi. Ine ndimajambula maukwati, ndimadziwa chithunzi chokometsera ndikachiona kkkk

Aphunzitsi: Mayi a Tadala, chimene mukuonacho chilipodi kumwamba. Dzina lake ndi Helix Nebula, m'kaundula wa akatswiri a zakuthambo chili pa nambala NGC 7293. Chithunzi chimenechi chinatuluka mu 2003, ndipo anachilumikiza kuchokera ku zithunzi za telesikopu ya Hubble ndi za telesikopu ina ya paphiri la Kitt Peak ku Arizona. Za diso ndi zotumiza kwa anthu zija anangowonjezera ndi anthu apaintaneti. Chinthucho ndi mtambo wa mpweya umene nyenyezi ina inataya itakalamba, ndipo mitambo yamtunduwu amaitcha planetary nebula. Takuzani chithunzicho ndi zala, muyang'ane pakati penipeni, pamene pakuoneka ngati mwana wa diso. Muona kadontho koyera. Kameneko ndiko kanyenyezi kamene kanataya mpweya wonsewo, ndipo nkhani yonse yagona pa ikoko.

Mayi a Tadala: Ndakaona kadonthoko. Koma kachepa bwanji! Kakang'ono chonchi n'kutulutsa chinthu chachikulu chonsechi?

Aphunzitsi: Ndipo kukula kwa mtambowo simunakumve. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kuti kuchoke mbali imodzi ya mtambowu kukafika mbali ina kumatenga zaka zoposa ziwiri. Kuti kuchoke kumeneko kudzafika kuno kumatenga zaka pafupifupi 650. Pamene David Livingstone ankafika ku nyanja yathu mu 1859, kuwala kumene tikuona leroku kunali kutayenda kale zaka pafupifupi 500. Ndipotu Helix ndi imodzi mwa zapafupi kwambiri pa zinzake zonse.

Malume Jere: Imeneyo ndiyo yapafupi? Chabwino, pitirizani.

Nachisale: Ndilowererepo pang'ono Aphunzitsi, ndangotuluka kumene m'kalasi. Mayi, kanyenyeziko sikanali kakang'ono chikhalire. Inali nyenyezi yeniyeni yamtundu wa dzuwa lathuli. Nyenyezi imawala chifukwa mumtima mwake mumakhala motentha ndi mothinana kwambiri moti haidirojeni amasanduka hiliyamu, ndipo kusandukako ndi kumene kumatulutsa mphamvu. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali zedi, kwa nyenyezi ngati dzuwa ndi zaka pafupifupi 10 biliyoni. Haidirojeni wa mumtimamo akatha, mtimawo umafinyika n'kuwonjezera kutentha, pamene kunja kumafufuma mpaka nyenyezi kukula kuwirikiza ka 100 kapena kuposa, n'kufiira. Pamenepo ndiye amaitcha red giant. Kenako hiliyamu uja amayamba kusanduka kaboni ndi okosijeni. Nyenyezi yolemera ngati dzuwa imathera pomwepo, ilibe kulemera kokwanira kuti iyatsenso kaboniyo.

Ikafika apa imakhala itatupa kwambiri moti mphamvu yake yokoka imalephera kugwira bwino mpweya wa kunja. Imayamba kututuma n'kuphwa, kututuma n'kuphwa, ndipo mpweya umathawa pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi. Siphulika ayi, imangotaya. Mpweya wa kunja ukatha, chimatsala poyera ndi mtima uja, ndipo ndi wotentha moopsa. Pamwamba pa dzuwa lathu pamatentha madigiri pafupifupi 5,500. Kanyenyezi ka pakati pa Helix kamaposa madigiri 100,000. Chinthu chotentha choncho chimatulutsa kwambiri kuwala kwa ultraviolet, kumene maso athu saona. Kuwala kumeneko kukagunda mpweya umene nyenyezi inataya uja, kumathothola ma electron, tizinthu ting'onoting'ono tozungulira mtima wa atomu, ndipo ma electron aja akamabwerera m'malo mwake mpweya umawala. Ndiye kuti mtambowo ulibe moto wakewake. Mitundu yonse mukuionayo akuyatsa ndi kadontho kaja. Katati kazime lero, mtambo wonse ungayambe kuzilala.

Mayi a Tadala: Nanga ngati n'kotentha choncho bwanji sikakuwala kwambiri pachithunzipa, mwana wanga?

Nachisale: Zifukwa ziwiri mayi. Kakufinyika mpaka kadzafanana kukula ndi dziko lathu lapansi, pamene dzuwa m'mimba mwake ndi lalikulu kuposa dziko ka 109. Chachiwiri, kuwala kwake kochuluka kuli ku ultraviolet kuja, komwe ife sitiona.

Malume Jere: Ndiye mukunena khala lotsala m'phulusa pambaula nsima itapsa kale. Silikulilima, koma uligwire, uitana amayi ako.

Nachisale: Ndendende amalume. Kungoti khala limeneli limatenga zaka mabiliyoni kuti lizizire.

Kondwani: Mwachidule nyenyeziyo inafa. Tikuyang'ana maliro.

Nachisale: Achimwene mwafulumira nayo. Mtambo ukangoyamba kuwala, nyenyezi ya pakati imakhala ikadawotchabe haidirojeni pang'ono pa kachikhungwa kopyapyala kozungulira mtima wake, ndipo kutentha kwake kumakhala kukukwerabe. Imatulutsanso mphepo yothamanga makilomita oposa 1,000 pa sekondi, imene imakankha mpweya wakale uja woyenda pang'onopang'ono n'kuuunjika m'mphepete. N'chifukwa chake pakati pamaoneka pobooka. Kuwotcha kukatheratu ndiye imasanduka white dwarf, ndiye kuti mtima wotsala wa nyenyezi uja, imangozizira basi. Ya Helix yafika kale pamenepo. Koma white dwarf si chinthu choti n'kuchinyoza. Zambiri zimalemera kuposa theka la dzuwa, kulemera konseko kutapanikizika m'kampira kofanana ndi dziko lathu. Kasupuni kamodzi ka zinthu zake kangalemere matani angapo.

Malume Jere: Apa ndiye ndikufuna kufunsa monga mkulu. Madigiri 100,000 amenewo anakayeza ndani? Anapitako ndani ndi choyezera? Mukuti kuli okosijeni, anakanunkhiza ndani? Ife tikakana za diso la Mulungu tisangolowanso m'chikhulupiriro china chifukwa wanena ndi mzungu.

Aphunzitsi: Funso limenelo ndi labwino kuposa mmene mukuganizira, malume, ndipo ndikanakonda ana a Fomu 4 akanamafunsa choncho. Yankho lili m'kuwala komweko. Mukadutsitsa kuwala kwa dzuwa pagalasi la ngodya zitatu kumamwazika n'kukhala utawaleza wathunthu. Koma mpweya wotentha suchita choncho. Umangopereka timizere towala pamalo akutiakuti, ndipo mpweya uliwonse uli ndi timizere take. Haidirojeni ali ndi take, naitirojeni take, ndipo timeneti timayezedwa mulabotale pansi pompano.

Kale anthu ankatsutsana ngati mitambo imeneyi ndi mpweya kapena ndi khamu la nyenyezi zakutali zimene telesikopu ikulephera kulekanitsa. Pa 29 August 1864, William Huggins ali kunyumba kwake ku London analoza chipangizo chomwaza kuwala pa planetary nebula ina yotchedwa Cat's Eye. Zikanakhala nyenyezi akanaona utawaleza. Iye anaona timizere towala towerengeka chabe, kowala kwambiri kali kobiriwira. Mkangano unathera pomwepo, ndi mpweya.

Koma panabuka vuto lina, ndipo apa ndi pamene ine ndimasangalala nayo nkhaniyi. Kamzere kobiriwirako sikankagwirizana ndi mpweya uliwonse wodziwika. Nthawi imeneyo hiliyamu anayamba wapezeka m'kuwala kwa dzuwa mu 1868, kudzamupeza pansi pano mu 1895, ndiye anthu anati nawonso uwu ndi mpweya watsopano, n'kuupatsa dzina loti nebulium. Anakhala nalo dzinalo zaka zambiri. Mu 1927 Ira Bowen wa ku America anasonyeza kuti kulibe nebulium. Ndi okosijeni yemweyu timapumayu, wothothoka ma electron awiri. Chimene sankaonekera mulabotale n'chakuti kamzere kameneko kamatuluka pokhapokha mpweya ukakhala wochepetsetsa, moti atomu imakhala nthawi yaitali osagundana ndi inzake. Mumtambo wotere, kamalo kofanana ndi nsonga ya chala kamakhala ndi tizinthu mahandiredi kapena zikwi zochepa chabe. Mpweya wa m'chipinda mwanumo pa kamalo komweko uli ndi mabiliyoni a mabiliyoni.

Za kutentha, njira imodzi anaipeza Herman Zanstra wa ku Netherlands m'zaka zomwezo za m'ma 1920. Ukayeza mmene haidirojeni wa mumtambo akuwalira, umadziwa kuchuluka kwa ultraviolet imene nyenyezi ikutulutsa, chifukwa ndiyo ikumuyatsa. Ukayerekeza ndi kuwala kooneka kwa nyenyeziyo, kutentha kumadziwika. Ndiye mtambo ndi umene umaulula za nyenyezi yake.

Malume Jere: Hmm. Zaka zonsezo akatswiri akutchula dzina la chinthu chomwe kulibe. Ndiye mukuti ndiwakhulupirire?

Nachisale: Koma anawagwira ndi akatswiri anzawo amalume, si mlamu wa pa WhatsApp kkkk

Mayi a Tadala: Mlamu wanga musiyeni, ndi munthu wabwino.

Che Saidi: Akuluakulu ndili ndi anapiye a mikolongwe a milungu isanu ndi umodzi, ndili ku Chinsapo, wofuna andipeze ku inbox.

Admin: Che Saidi, malonda ndi Lachisanu, tinagwirizana. Pitirizani Aphunzitsi.

Kondwani: Ine ndikadali pa mitundu. Aphunzitsi muli ndi telesikopu, tiuzeni zoona. Mukayang'ana mumaona zofiira ndi zabuluu ngati apa?

Aphunzitsi: Ayi, sindiona. Koma sizikutanthauza kuti mitunduyo ndi yabodza. Kufiira kumachokera kwa haidirojeni ndi naitirojeni, kubiriwira kopita ku buluu ndi okosijeni uja wa Bowen. Okosijeni amafuna ultraviolet yamphamvu kuti athothoke ma electron awiri, ndiye amawala pafupi ndi nyenyezi, kufiira kumatsalira kunja. Mukaona mitundu itasanjana choncho mukuona mmene mphamvu ya nyenyezi ikucheperachepera ndi mtunda. Pachithunzi cha 2003 anajambula ndi masefa osiyanasiyana n'kukoleza mitunduyo kuti ioneke bwino, apo ndikuvomera. Koma maso athu mumdima sazindikira mitundu, ndipo diso silisunga kuwala monga imachitira kamera yanuyo mukaisiya yotsegula.

Ndikuuzeni zomwe ndimaona pakhomo panga ku Likuni. Telesikopu yanga ili ndi galasi la mamilimita 114, ndi yaing'ono. Imene ndimakonda kuonetsa ana si Helix, ndi Ring Nebula, M57. Mwezi uno wa September mdima ukangogwa yang'anani kumpoto, muona nyenyezi yowala kwambiri yoyera, ndi Vega. Cha pamwamba pake pali tinyenyezi tinayi topanga kabokosi kopendekeka. Pakati pa tiwiri totalikirana ndi Vega ndi pamene pali M57. Ukayamba ndi galasi lokuza pang'ono umaona ngati kanyenyezi kamene kakukana kukhala bwino, umapotoza chowongolera, zinzake zonse zasongoka, iko kali mbuu. Ukasintha galasi ndi pamene umaona kamkombero kotuwa kokhala ndi mdima pakati. Ukakayang'anitsitsa kamazimiririka, ukayang'ana chapambali pang'ono kamabwera bwinobwino, chifukwa m'mbali mwa diso ndi mmene mumamva kuwala kofooka. Ana ambiri amati sakuona kanthu, ndikawauza kuti ayang'ane kumbali amakuwa.

Kondwani: Nanga nyenyezi ya pakati ija mukuitamayi?

Aphunzitsi: Ya M57 siioneka n'komwe pa yangayi. Imafuna galasi la masentimita 30 kapena kuposa, komanso usiku wabata. Ya Helix ndi yowalirapo pang'ono koma nayonso yanga siifika.

Malume Jere: Ndiye mwini nkhani saoneka. Zili ngati... ayi ndisiye, a Admin angandichotse.

Mayi a Tadala: Pepani ndibwerere m'mbuyo. Mwati planetary nebula. Ndiye kuti mumtambomo muli mapulaneti?

Nachisale: Ayi mayi, dzinalo ndi lakale chabe. M'zaka za m'ma 1780 William Herschel ankaziona pa telesikopu yake zili zozungulira, zobiriwirako, zofanana ndi pulaneti Uranus imene iye anaitulukira mu 1781, ndiye dzina linakanirira. Yoyamba kupezeka inali Dumbbell, M27, anaiona Charles Messier mu 1764. Pano mu Mlalang'amba wathu zodziwika zilipo pafupifupi 3,000. Pa nyenyezi mabiliyoni oposa 100 chiwerengero chimenecho n'chochepa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chakuti sizikhalitsa. Mpweya umamwazika pa liwiro la makilomita 20 mpaka 30 pa sekondi, nyenyezi nayo ikuzilala, ndiye pakatha zaka 10,000 kapena 20,000 mtambo suonekanso. Pa moyo wa nyenyezi imeneyo ndi kanthawi kochepa zedi.

Abambo Mbewe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine monga mkulu wa mpingo sindikuona chokhumudwitsa apa. Buku la Yobu limatchula Nsangwe ndi Akamwini Atatu, kusonyeza kuti akale ankayang'ana kumwamba n'kumalemekeza Mlengi popanda kunena kuti nyenyezi yakuti ndi diso lake. Zotumiza kwa anthu usanagone zija ndimaziletsa ngakhale kutchalitchi. Koma mwandisiya ndi funso, achemwali. Mwati nyenyeziyo inali ngati dzuwa lathu. Ndiye lathuli nalonso lidzatero?

Nachisale: Lidzatero abambo. Dzuwa lili ndi zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, ndipo latsala ndi zina pafupifupi 5 biliyoni kuti haidirojeni wa mumtima mwake athe. Lidzafufuma mpaka kumeza Mercury ndi Venus. Nthanda imene timaiona m'bandakucha ija idzakhala mkati mwa dzuwa. Dziko lathu lidzakhala litauma kalekale nthawi imeneyo isanafike, chifukwa dzuwa likuwonjezera kuwala pang'onopang'ono ngakhale panopa. Kenako lidzataya pafupifupi theka la kulemera kwake, chotsalacho n'kukhala white dwarf. Panali mkangano woti mwina dzuwa ndi lopepuka kwambiri, mtima wake udzachedwa kutentha mpaka mpweya kumwazika usanayatsidwe. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti mitima yotere imatentha mofulumira kuposa mmene ankaganizira, ndiye dzuwa lili pamalire penipeni: lidzapanga mtambo, koma wofooka.

Malume Jere: Zaka 5 biliyoni. Ndiye ngongole ya banki mkhonde ndibwezebe basi.

Mayi a Tadala: Mubweze ndithu malume, msungichuma ndi mnzanga.

Aphunzitsi: Chimene ndingawonjezere kwa Abambo Mbewe n'chakuti mpweya wotayidwawo supita pachabe. Nyenyezi ikamafika kumapeto imavundula kaboni ndi naitirojeni kuchokera mkati kupita nazo pamwamba, ndiye zimatuluka limodzi ndi mpweya uja. Zimasakanikirana ndi mitambo ina ya mu Mlalang'amba, momwe mumabadwa nyenyezi zatsopano ndi mapulaneti ake. Gawo lalikulu la kaboni ndi naitirojeni zimene zili m'nthaka ndi m'chimanga chathu linadutsa m'nyenyezi zamtundu umenewu dzuwa lisanabadwe.

Kondwani: Ine ndinkamva kuti nyenyezi zikamafa zimaphulika. Supernova ija?

Nachisale: Zimenezo ndi zolemera kuposa dzuwa ka 8 kupita m'tsogolo. Betelgeuse, yofiira ija ili pafupi ndi Akamwini Atatu, ndiyo idzaphulika. Zopepukirapo zimadutsa njira ya Helix. Ndipo white dwarf ili ndi malire ake. Subrahmanyan Chandrasekhar anawerengera mu 1930, ali ndi zaka 19, ali m'sitima ya pamadzi kuchoka ku India kupita ku England, kuti white dwarf ikapitirira kulemera kwakutikwakuti singathe kudzichirikiza. Malirewo ndi kulemera kwa dzuwa ka 1.4. Anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1983. Mukafuna white dwarf yapafupi, nyenyezi yowala kwambiri usiku, Sirius, ili ndi kanzake kotchedwa Sirius B kamene kamazungulirana nayo zaka 50 zilizonse. Mtambo wake unamwazika kalekale.

Kondwani: Taonani ichi ndachipeza. Ndi chimodzi mwa zithunzi zoyamba za telesikopu ya James Webb, za mu July 2022, Southern Ring Nebula. Apa ndiye nyenyezi ya pakati ikuoneka bwino, yowala ngati tochi. Osati zija za kadontho.

Nachisale: Achimwene, yowalayo si imeneyo. Pezani chithunzi chinzake chimene anatulutsa tsiku lomwelo, chojambulidwa ndi kamera ina ya Webb yotchedwa MIRI. Muona nyenyezi ziwiri zoyandikana, ina yoyera mobiriwira, ina yofiira. Yofiirayo ndiyo inataya mtambo wonse. Ikuoneka yofiira chifukwa Webb anapeza kuti yakutidwa ndi fumbi. Yowalayo ndi mnzake chabe, ikadali pa msinkhu wabwino, nthawi yake yotaya siinafike.

Kondwani: Koma yowalayo ndi imene ili pakati.

Nachisale: Zonse ziwiri zili pakati, zimazungulirana. Funso ndi lakuti ndi iti yotentha mokwanira kuyatsa mpweya. Yowalayo kutentha kwake sikufika n'komwe madigiri 10,000, singathothole ma electron a okosijeni. Ndipo nkhani ya anzake imeneyi ndi imene akatswiri akulimbana nayo kwambiri masiku ano. Nyenyezi ndi yozungulira, ndiye ikamataya mpweya yokha bwenzi mtambo ukukhala wozungulira ngati mpira. Koma yozungulira bwinobwino ndi pafupifupi umodzi pa isanu iliyonse. Ina ili ndi mapiko awiri, ngati NGC 6302 ya mu gulu la nyenyezi la Scorpius imene nyenyezi yake imaposa madigiri 200,000. Ina ndi yopiringizika. Maganizo amene ali ndi mphamvu ndi akuti nyenyezi inzake yoyandikana nayo ndi imene imakoka ndi kupotokola mpweyawo. Pa Southern Ring yomweyo, ataunika bwino zithunzi za Webb anapeza zizindikiro zoti panali nyenyezi zinanso kuwonjezera pa ziwirizo.

Aphunzitsi: Ine apa ndimatsalira pang'ono kwa achemwali. Kunena kuti mitambo yambiri inaumbidwa ndi nyenyezi ziwiri ndikuvomera. Koma pali ena amafika ponena kuti nyenyezi yokhala yokha singapange mtambo wooneka n'komwe, ndipo apo ndimaona kuti athamanga. Nyenyezi za pakati zimene zatsimikizika kuti zili ndi mnzake wapafupi kwambiri ndi gawo lochepa.

Nachisale: Zotsimikizika, eya. Koma kupeza kanyenyezi kofooka pambali pa chinthu cha madigiri 100,000, mkati mwa mtambo wowala, si ntchito yamasewera Aphunzitsi. Chiwerengero chikukwera zipangizo zikamawongokera.

Aphunzitsi: Tidzakambirana mukamaliza digiri.

Abambo Mbewe: Southern Ring imeneyo tingaione kuno?

Aphunzitsi: Ili kum'mwera mu gulu la nyenyezi la Vela, ndipo kuno imakwera bwino. Tsoka lake imakhala pabwino madzulo cha mu March ndi April, mvula isanatheretu, ndiye umachita kulanda mpata pakati pa mitambo. Panopa za nyengo ino ndi M57 kumpoto cha m'ma 7 koloko, Dumbbell cha m'ma 8, ndipo Helix cha m'ma 11 koloko usiku. Ndipo pa Helix ife tili ndi mwayi kuposa a ku Ulaya. Lilongwe ili madigiri 14 kum'mwera kwa equator, Helix ili pa madigiri 21 kum'mwera, ndiye imadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Iwo amaiona ili pansi m'chizimezime.

Mayi a Tadala: Ndiye ndituluke panja usiku uno ndiione?

Aphunzitsi: Ku Area 49 simuiona mayi, ngakhale magetsi atazima dera lonse. Ndi yotambalala, pafupifupi theka la mwezi wathunthu m'mimba mwake, ndiye kuwala kwake kwamwazika pamalo aakulu. Kuwala pang'ono kwa m'tauni kumaimeza. Komanso mwezi uno fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zadzaza m'mwamba, onani mmene dzuwa likulowera lofiira. Ubwino wake n'ngwakuti cha pamutu utsi suvutitsa kwambiri ngati m'munsi. Kumalo amdima binoculars wamba amakwana. Mumayamba mwapeza Fomalhaut, nyenyezi yowala yokhala payokha cha kum'mwera kwa pamutu, kenako mumasuntha cha kumpoto chakumadzulo mtunda wa chibakera chimodzi mutatambasula mkono. Muona kachigamba kotuwa kozungulira.

Malume Jere: Ndiye tipite kutchire pakati pa usiku kukaona kachigamba kotuwa, mwini wake osamuona.

Kondwani: Ine ndipita amalume. Ndili ndi lens ya 200 mm ndi tripod. Ndikajambula zithunzi zambiri zifupizifupi n'kuziphatikiza pakompyuta, ndione ngati kufiirako kutuluke pa kamera yanga. Kukapanda kutuluka ndibwerera pa mawu anga a Photoshop.

Nachisale: Muzijambula RAW achimwene, ndipo mabatire akhale awiri.

Abambo Mbewe: Malo ndi kuti? Dzalanyama ndi kwamdima koma kubwerako usiku pa msewu uja ndi nkhani ina.

Mayi a Tadala: Kumudzi kwathu kupitirira Mitundu kuli bwalo lalikulu kuseri kwa nyumba ya amayi, magetsi kulibe. Ndikhoza kuwaimbira.

Aphunzitsi: Kumeneko kuli bwino. Tikakhala kum'mwera kwa tauni, kuwala kwa Lilongwe kukakhala kumpoto komwe kuli M57, koma iyo ndi yaing'ono yothinana, imapirira. Helix ndi imene imafuna mdima weniweni, ndipo ikakhala pamutu. Tisankhe Loweruka limene mwezi uli mumdima, apo ayi tikangoona mwezi. Aliyense atenge juzi, usiku kukuzizirabe, ndipo tochi muikulunge ndi pepala la pulasitiki lofiira. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, munthu mmodzi akayatsa foni tonse tayambiranso.

Malume Jere: Lamulo la foni limenelo likandivuta. Koma galimoto yanga imatenga anthu anayi, mafuta tisonkherana.

Admin: Ndiye opita lembani maina pansipa, ndipo amene ali ndi binoculars anene. Mayi a Tadala mutiuze amayi akayankha.